Makatoni Pansi pa Bedi la Namwali

Ku Chaisa, komboni ya ku Lusaka, kunalibe mkwatibwi wotuluka m'nyumba osadzera m'manja mwa Elesi Chimwaza. Zinali choncho kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo mwiniwakeyo sankalola kuti munthu aiwale.

Bambo ake anachokera ku Ntcheu wapansi, nadzapeza ntchito yophwanya miyala ya laimu kumadzulo kwa Lusaka. Elesi anabadwira m'komboni momwemo, koma Chichewa chake chinali cha kumudzi chenicheni, ndipo akamva mwana wake akuti "vinthu" ankamukoka khutu. Chaka chomwe mbendera ya atsamunda inatsika, iye anakwatiwa ndi Dyton, munthu wosachuluka mawu amene ankasenza matumba m'nyumba zosungiramo katundu ku mafakitale. Anabereka ana anayi, atatu aamuna, chitsirizira wamkazi. Wamkaziyo anamutcha Cathrine, ndipo ndiye anali mtima wake.

Ulangizi anautengera kwa azakhali ake. Mtsikana akatsala masabata awiri kuti alowe m'banja, Elesi ankamutsekera m'chipinda, n'kumuphunzitsa za m'nyumba ndi nyimbo ndi ng'oma, n'kumusambitsa madzi ofunda m'mawa ndi madzulo, kenako n'kumupaka mafuta a nsatsi oyenga yekha. Tsiku lotuluka namwali ankachita kunyezimira, nthungululu zili mbwee, mayi wa mwana atagwada pamapazi a Elesi. M'chipinda cha namwali mwamuna salowamo, kaya ndi bambo womubereka, kaya ndi abusa, kaya ndi tcheyamani wa Chipani. Lamulo limeneli Elesi ankalisunga kuposa Malamulo Khumi.

Ndiye kunabwera Bana Chalwe.

Anali mayi wa Chibemba wochokera ku Mufulira, mwamuna wake atafera mu mgodi. Anamanga kanyumba ka njerwa zosaotcha nyumba zitatu kuchokera pa Elesi, ndipo kuseka kwake kunkamveka mpaka pa mpopi. Nkhope inali yoyera mbee, koma zala ndi zigongono zakuda ngati za wina aliyense. Nayenso anali mlangizi, wa mwambo wa kwawo. Mwezi uliwonse ankakwera basi ya ku migodi ali wochepa thupi, pobwera n'kutsika chiuno chitakula ngati ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Pakati pake panali machubu a mafuta oyeretsa khungu ndi mapaketi a makapisozi, zonse zodzera m'tinjira ta m'tchire kuchokera ku Zaire, zomangidwa m'chiuno ndi zitenje.

Zinali zaka zija za mashelefu opanda kanthu, pamene munthu ankaima pamzere kuyambira tambala woyamba n'kubwerako ndi sopo mmodzi. Ku kiliniki ankakupatsa kapepala kokha, mankhwalawo ukadzionere wekha. Bana Chalwe anali nawo. Choncho anthu anayamba kupita kwa iye chifukwa cha chifuwa cha mwana, n'kubwerako atamva kuti namwali wotuluka m'manja mwake amatuluka woyera ngati kapepala. Atsikana anapenga nazo. Chaka choyamba Elesi anataya anamwali awiri, chaka chachiwiri asanu, chachitatu anangotsala ndi ana a anzake a ku tchalitchi, nawonso obwera chifukwa cha manyazi.

"Akale ankati ukaipa dziwa nyimbo," ankatero Elesi pa mpopi, mokweza kuti zikafike. "A masiku ano akuti ukaipa gula chubu. Mudzasupuka masaya, mudzandikumbuka!"

Ndipo n'zoona, ena masaya anapsa, n'kuchita mabala akuda osatha. Koma tisanamizane, abale, chimene chinkamudya Elesi sanali masaya a ana a eni. Inali nsanje, yeniyeni, yosagonetsa. Akamva ng'oma ikulira kwa Bana Chalwe, ankasiya nsima m'mbale. Ankadana ndi kuseka kwake, ankadana ndi nsapato zake zazitali, ankadana ngakhale ndi mmene mayiyo ankamupatsira moni mwaulemu, atapinda bondo.

Alangizi amaitanana, ndi mmene ntchito yawo imayendera, pakuti ng'oma ndi nyimbo sizitheka ndi munthu mmodzi. Tsiku lina Bana Chalwe anamuitana kuti adzathandize pa namwali wina, ndipo Elesi anapita, osati chifukwa chofuna, koma kuti akaone zolakwika. Ali mkati movina, patapata wake anavuka n'kulowa pansi pa bedi la namwali. Atawerama kuti amutenge, dzanja linagunda katoni. Anakweza nsalu. Makatoni anayi, odzaza machubu ndi makapisozi mpaka kukamwa.

Bana Chalwe anamuona, ndipo m'malo mochita mantha anangoseka. "Mwaona, ba Elesi? Kunyumba konse angasake, koma muno kapokola, wapolisi, angangene? Mwambo wathu ndiye loko yanga, mukwai."

Elesi anavala patapata wake. Panjira pobwerera ukali unamukwera. Chipinda chopatulika, chomwe azakhali ake ankachilowa atavula nsapato, munthu n'kuchisandutsa sitolo ya katundu wozembetsa! Koma sanauze munthu. Anangozisunga mumtima.

Patapita chaka Cathrine anapeza mwamuna. Anali Mukuka, makaniko wodekha, wa banja la Chibemba lokhala m'nyumba za khonsolo ku Chilenje, za magetsi ndi mpopi wa m'nyumba. Elesi anakondwa mpaka kuvina yekha kukhitchini. Koma apa ndi pamene mwambo womwe ankaunyadira unamutembenukira: mayi salangiza mwana wobereka yekha. Ngakhale utakhala mlangizi wa Lusaka yense, wako umamupereka kwa wina. Elesi anali atasankha kale Maud, mnzake wa ku Chigwirizano cha amayi, munthu woti angamuuze chochita chilichonse ali kuseri kwa chitseko.

Azakhali a Mukuka anabwera ndi mawu ena. Anati mwanayo akukalowa m'banja la Chibemba, ayenera kudziwa kulonjera apongozi mwa Chibemba, kuphika mwa Chibemba, ndipo amva kuti pa Chaisa pomwepo pali mayi wodziwa ntchitoyo. Elesi anayang'ana mwana wake kuti akane. Cathrine anayang'ana pansi.

"Amai, nifuna kwa Bana Chalwe," anatero alendo atapita. "Banzanga bonse bapita kwamene kuja."

"Iwe, ukulankhula ndi ine? Ine ndatulutsa anamwali angati m'komboni muno?"

"Niziba, amai. Koma imwe simunganilangize."

"Amake Cathrine, musiyeni mwana," anatero Dyton ali pakhomo, akusoka nsapato yake. "Kumene akupita ndi kwa Abemba. Inu mukavina tsiku la ukwati."

Akavina tsiku la ukwati! Mayi uja anamulanda anamwali mmodzimmodzi, Elesi n'kupirira. Tsopano ankafuna kumulanda mwana. Masabata awiri adzakhala naye m'chipinda, kumusambitsa, kumunong'oneza, kumuuza mawu amene mkazi sawaiwala mpaka imfa. Cathrine akadzavutika m'banja, adzathamangira kwa ndani? Mkazi amathamangira kwa mlangizi wake, zimenezo Elesi ankazidziwa kuposa aliyense. Ankachita kuona m'maso mwake Cathrine akudutsa pakhomo pake ndi misozi, ulendo wa nyumba yachitatu.

Mwezi womwewo wailesi inali pakamwa ndi nkhani ya ozembetsa katundu. Inkati ndi adani a dziko, akutulutsa ufa ndi shuga n'kulowetsa poizoni. Loweruka lina a Kalumba, tcheyamani wa sekishoni, anasonkhanitsa anthu pabwalo la mpira n'kuwerenga pepala lochokera kumwamba: wopezeka ndi mankhwala kapena zodzola zolowa mozemba sadzalipira faindi, adzapita kundende, ndipo wodziwa koma n'kukhala chete ndi mnzake wa mbala. Anthu anaomba m'manja monga mwa masiku onse, Bana Chalwe akuomba kuposa onse. Elesi sanaombe. Ankawerenga masiku.

Kwa Bana Chalwe kunali namwali wa kwa Mukupa, wotsala ndi sabata imodzi kuti atuluke. Cathrine anali woti alowe pakatha masabata atatu. Apolisi akabwera sabata yomweyo, mayiyo achoka, a ku Chilenje asowa chonena, ndipo mwana apita kwa Maud. Zoti namwali wa kwa Mukupa nayenso ndi mwana wa munthu, mumtima mwa Elesi sizinalowemo n'komwe.

Lolemba m'mawa anapita kwa a Kalumba ngati wokakonzetsa khadi la Chipani. Atatsala awiri, anatsitsa mawu.

"A tcheyamani, apolisi akabwera kwa Bana Chalwe asavutike ndi kufufuza pabalaza kapena kukhitchini, sapezapo kanthu. Alowe m'chipinda cha namwali, ayang'ane pansi pa bedi. Koma abwere ndi wapolisi wamkazi, mwamva? Mwamuna salowa mmene muja."

A Kalumba analemba kalata ndi bolopeni yawo yofiira, n'kumuyamika kuti ndi mayi wokonda dziko lake. Elesi anatuluka mtima uli myaa, koyamba m'zaka zitatu.

Sabata yonseyo anakhala pakhonde akusankha nyemba zosankhidwa kale, khutu lili kumsewu. Palibe galimoto inabwera. Namwali wa kwa Mukupa anatuluka, nthungululu zinalira, Bana Chalwe anavina mpaka duku kugwa. Sabata yachiwiri inadutsa, yachitatu inayamba. Apa Elesi tulo tinamuthawa. Anabwerera kwa a Kalumba.

"Kalata ija ibwezeni, ndasintha maganizo."

"Ah, amai, kalata ikapita yapita. Koma musade nkhawa. Kupolisi galimoto yawo ilibe matayala. Ya chaka chatha ya kachasu mpaka lero sanayankhe."

Njira zinalipo ziwiri, ndipo zonse ankaziona bwinobwino. Akanatha kukana kupereka mwana, koma anthu akanafunsa chifukwa. Akanatha kupita nyumba yachitatu n'kunena kuti, mnzanga, chotsani makatoni aja, ine ndalakwa. Kawiri konse anafika mpaka pa mpanda wa Bana Chalwe. Kawiri konse anamva kuseka kuja kuchokera mkati, khosi n'kuuma gwa, n'kubwerera. Agwade kwa ameneyo? Bola kudalira matayala.

Choncho Cathrine analowa, atamufunditsa chitenje kumutu, azakhali ake akumutsogolera. Elesi anaima pakhomo pake manja ali m'chiuno. Masiku otsatirawo ng'oma inkalira madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, nyimbo za Chibemba zomwe sankazimva tanthauzo, ndipo pakati pa nyimbozo nthawi zina ankamva mwana wake akuseka. Kuseka kumeneko kunkamulasa kuposa mantha a apolisi. Kunyumba kuno Cathrine anali asanasekepo choncho chiyambire kukula.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, amayi a m'komboni anali pabwalo pa Elesi akusefa munkoyo, thobwa la kuno, m'migolo. Dzuwa linali litakwera pang'ono. Landirova inatulukira pa mpopi ikudumphadumpha m'maenje, matayala anayi atsopano, n'kuima nyumba yachitatu. Munatsika apolisi anayi, onse amuna, ndi a Kalumba pambuyo pawo atavala jekete la misonkhano. Bana Chalwe kunalibe, anali atapita ku msika wa Mandevu kukagula nkhuku.

Elesi anaponya sefa n'kuthamanga. Anapeza amayi awiri achikulire atatsekereza khomo, akukuwa kuti muli namwali, muli namwali, simungalowe! Apolisi sanayang'ane pabalaza, sanayang'ane kukhitchini. Anawakankhira pambali amayiwo n'kulunjika kuchipinda ngati anthu obadwira m'nyumbamo.

Anamutulutsa Cathrine ali ndi chitenje chimodzi chomanga pachifuwa, mikanda ya m'chiuno ikuonekera, pamaso pa anyamata ogulitsa makala, pamaso pa amuna a pa bawo, pamaso pa komboni yonse. Kumbuyo kwake kunatuluka makatoni, asanu tsopano. Sajeni anati lamulo ndi lamulo, wopezeka atakhalira katundu ndiye mwini katundu mpaka mwini wake ataoneka.

Elesi anadzigwetsa pansi n'kugwira mwendo wa sajeniyo. "Bwana, mwana wanga uyo! Sadziwa kanthu, ndi namwali chabe, mkuja ukwati wake! Tengani ine!"

A Kalumba anamva chisoni, ndipo chisoni chawocho ndicho chinamaliza zonse. Anayandikira sajeni n'kulankhula mokweza, monga ankalankhulira pa misonkhano.

"Bwana, muwaganizire amai awa. Ndiwo amene anatipatsa lipoti. Za pansi pa bedi anatiuza ndi iwowa."

Mayi wina amene anabwera ndi chikho cha munkoyo m'manja anachikhuthulira pansi pang'onopang'ono. Elesi anakweza mutu, maso ake n'kukumana ndi a mwana wake. Cathrine sanalire, sanatukwane. Anangomuyang'ana, kenako anakwera yekha m'galimoto. Ndipo m'kanthawi kameneko Elesi anaona chinthu china: khungu la mwanayo linali lakuda bii monga anabadwira, losalala, lonyezimira mafuta a nsatsi. Bana Chalwe sanamupake za m'machubu zija ngakhale dontho. Pambuyo pake zinamveka kuti Cathrine anapempha, koma mayiyo anakana, amvekere mwana wa ba Elesi atuluke mmene amake amatulutsira ana a anzawo. Mukuganiza kuti Elesi anathokoza? Ayi ndithu. Zinamuwawa kuti ngakhale mafuta ake omwe mayiyo ankadziwa kupaka bwino chonchi.

Bana Chalwe uthenga unamupeza panjira, akuchokera ku msika. Amayi ogulitsa tomato anamuuza kuti athawe, basi ya ku migodi ikadalipo, akafika ku Mufulira palibe angamupeze. Iye anafunsa funso limodzi, loti namwali wake ali kuti. Atamuuza, anatembenuka n'kuyenda wapansi mpaka kupolisi, nkhuku ili m'khwapa.

"Katundu ni wanga," anatero pa kauntala. "Uyo mwana ni namwali wanga, saziba vilivonse. Mupaseni chovala ayende."

Cathrine anatuluka madzulo omwewo, koma sanabwere kwa amake. Anakagona kwa azakhali ake ku Matero. Bana Chalwe khoti linamupatsa chaka ndi theka, popanda faindi, monga pepala lija linanenera. Tsiku la chigamulo amayi a ku Chaisa anadzaza khoti, Achewa ndi Abemba omwe, ena a masaya opsa aja ali momwemo, akulira ngati pamaliro. Pa mpopi, pa msika, ku tchalitchi, nkhani inali imodzi: mayi uja ndi mkazi, anadzipereka chifukwa cha mwana wa mnzake. Elesi ankazimva zonsezi ali kuseri kwa katani. Koma abale, nsanje ndi matenda! Munthu anafika pochitira mnzake nsanje ya ndende. Ankadzifunsa kuti bwanji sajeni uja sanamutenge iye pamene anati tengani ine, kuti anthu aziti Elesi ndi mkazi.

Ukwati unachedwa ndi mwezi. A ku Chilenje ena anati namwali woonedwa ndi amuna ndi tsoka, koma Mukuka anaumirira, ndipo unachitika mwakachetechete. Elesi anakhala pa benchi lachitatu ngati mlendo, osavina. Ulangizi wake unathera pomwepo. Bana Chalwe kunalibe, mpikisano kunalibe, koma ndani angapereke mwana wake kwa mlangizi amene anasonyeza amuna khomo la chipinda? Anamwali anayamba kupita kwa Maud. Elesi anatsegula kathebulo ka mtedza wokazinga pamsewu wa ku Mandevu, ndipo pamenepo ndi pamene anthu ambiri a masiku ano amamukumbukira, mayi wolankhula Chichewa chakuya amene sankaseka ndi makasitomala. Dyton sanamudzudzule ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kwakeko kunali kolemera kuposa ndewu.

Cathrine anatha miyezi isanu osaponda pakhomo pa amake. Kenako Lamlungu lina la mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikuulutsa fumbi m'tinjira ta komboni, Elesi akuchokera ku tchalitchi anamupeza ataima pakhonde, atanyamula basiketi yovundikira ndi nsalu. Mimba inali itayamba kuoneka.

Mtima wa Elesi unadumpha. Anayamba kuyankhula zambirimbiri nthawi imodzi, kupukuta mpando ndi chitenje chake, kuitana Dyton, kufunsa ngati aphe nkhuku, kufunsa miyezi ingati, bwanji osanena, wayamba kale sikelo? Maso ake ankapita pa basiketi ija. Munkatuluka fungo la nsomba youma yotendera, ndipo iye anali atatambasula kale manja kuti alandire.

Cathrine sanakhale pampando, ndipo basiketi sanaipereke.

"Sinikhalitsa, amai. Nabwera kutenga bulangete langa lija lofiira."

"Bulangete? Ku Chilenje mulibe zofunda?"

"Tili nazo. Niyenda kundende, lero ni siku yoona anthu. Kuja kuzizira maningi, amai alibe chofunda."

Elesi manja anawabweza pang'onopang'ono. "Amai ako ati?"

Cathrine anangosintha basiketi kuchoka dzanja lina kupita lina, n'kuyang'ana kumsewu ngati woopa kuti basi imusiya.

Elesi analowa kuchipinda. Bulangete linali pansi pa sutikesi, pomwe analisunga kuti adzafunditse mdzukulu woyamba. Analikung'untha, n'kulipinda kanayi bwinobwino monga ankaphunzitsira anamwali, n'kutuluka nalo. Cathrine anagwira mbali imodzi. Mbali inayo zala za Elesi zinakana kuisiya, mpaka mwanayo anachita kukoka.